TAYALA LOTULUKA KUNJA KWA GALIMOTO LIKUDYA NJIRA YA WOYENDA PANSI

FURANCUNGO — Nyengo yogulitsa fodya ndi yokumba kachewere ikafika, misewu ya m'maboma a Macanga ndi Tsangano imadzaza ndi malole. Ena amatsikira ku Tete, ena amapita ku Ulónguè, ena amalunjika kumalire a Biriwiri ndi Calómuè. Aliyense amene amayenda pansi kapena pa njinga m'misewu imeneyi akudziwa chimene chimachitika lole ikamudutsa. M'chilimwe amasamba fumbi ndi timiyala, m'dzinja amasamba matope kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ambiri a ife timangopukuta nkhope ndi kunena kuti ndi mmene msewu wathu ulili. Koma mukayang'anitsitsa malole ena, pamodzi ndi magalimoto ang'onoang'ono onyamula katundu, mudzaona kuti matayala ake atulukira kunja kwa thupi la galimoto, ndipo chitsulo chophimba tayala, chimene kuno timati guarda-lama pamene abale athu a ku Malawi amati madigadi, chinachotsedwa kalekale kapena chatsala chidutswa chokha.

Eni magalimoto amadandaula kuti apolisi a pamsewu akawaimitsa pa nkhani imeneyi amakhala akufuna chifukwa chowalipitsira multa. Amati lamulo lotere linalembedwera anthu a ku Maputo ndi ku Beira amene amayenda pa phula, osati munthu wokwera zitunda za ku Chidzolomondo mvula ili mkati. Dandaulo lawo lili ndi mbali yoona, ndipo tiyifotokoza mosabisa. Koma tsamba lino likufuna kuonetsa owerenga athu kuti lamuloli limateteza koposa munthu wa kumudzi, amene alibe galimoto, ndi kuti sentimita iliyonse imene tayala latulukira kunja yachotsedwa pa kanjira ka m'mphepete kamene mayi wosenza nkhuni, mwana wa sukulu ndi wokwera njinga amadutsamo.

MMENE TINAFIKIRA PANO

Akuluakulu akukumbukira kuti pa nthawi ya nkhondo misewu ya kuno inafa. Milatho inagwetsedwa, mabomba anakwiriridwa m'njira, ndipo anthu ambirimbiri a ku Macanga, Tsangano ndi Angónia anathawira ku Dedza, Ntcheu ndi Lilongwe. Dziko la Malawi linasunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera kwawo m'zaka za 1993 ndi 1994, ndipo anapeza minda itasanduka thengo, misewu itamera mitengo. Masiku amenewo galimoto iliyonse imene inafika pamudzi inali mdalitso. Palibe amene ankafunsa ngati ili ndi nyali, ngati mabuleki ake akugwira, kapena ngati matayala ake ndi ofanana. Chachikulu chinali chakuti yafika, ndipo itenga wodwala kapena thumba la chimanga.

Kuchokera nthawi imeneyo ulimi wa fodya unakula, kachewere ndi tirigu wa ku Tsangano, nyemba, soya ndi chimanga zinapeza msika, ndipo malole anachuluka. Ambiri mwa magalimoto amene amagwira ntchito m'midzi yathu, monga Canter, Dyna, Isuzu ndi Hilux, anabwera atagwirapo kale ntchito ku Japan, kumene anapangidwira misewu yosalala ndi katundu woyezedwa. Atafika kuno anakumana ndi mitsinje yopanda milatho, mabampu, ndi matope ofiira omata ngati phala. Akale anati walira mvula walira matope. Tinalira magalimoto ndipo anabwera, tsopano tiyenera kukambirana za matope amene abwera nawo.

CHIFUKWA CHAKE ENI MAGALIMOTO AMATERO

Sitikunena kuti mwini lole amene anachotsa guarda-lama ndi munthu woipa mtima. Zifukwa zake zilipo, ndipo tonse timazidziwa.

Choyamba ndi matope. M'dzinja dothi limadzaza pakati pa tayala ndi chophimba chake mpaka tayala kulephera kuzungulira, ndipo ajudante amatsika kaŵirikaŵiri kukakumba ndi khasu. Tsiku lina mwini galimoto amatopa ndi kumuuza makaniko kuti achotse chitsulocho. Chachiŵiri ndi mikwasa yakuya imene malole aakulu amasiya m'msewu. Galimoto yaing'ono ikalowamo imakhuza mimba pansi, kotero mwiniyo amafuna matayala aatali ndi aakulu kuti ikwezeke. Tayala lalikulu silikwana m'malo a laling'ono, limakhuza chitsulo pokhota, motero amadula guarda-lama kapena amakankhira tayala kunja poika chitsulo pakati pa limu ndi ekiselo, kapena potembenuza limu, kapena poika limu la galimoto ya mtundu wina. Chachitatu ndi umphawi wa zipangizo. Ku Furancungo kapena ku Ntengo-wa-Mbalame tayala likaphulika, munthu amagula limene walipeza, osati limene galimoto yake imafuna. Chachinayi, ndipo ichi tiyenera kuchinena poyera, ndi dyera. Ena amakulitsa bokosi la lole ndi matabwa ndi zitsulo kuti anyamule matumba ochuluka pa ulendo umodzi, ndipo akatero amatulutsanso matayala kuti galimoto isapendekeke.

Zifukwa zitatu zoyambazo zimachokera ku msewu ndi ku kusowa. Chachinayi chimachokera m'thumba la mwini galimoto. Koma zonse zinayi zimathera pa munthu mmodzi, amene ndi uja woyenda m'mphepete.

LAMULO LIKUTI CHIYANI

Nkhani imeneyi si yatsopano m'malamulo. Código da Estrada wa m'chaka cha 1954, amene analembedwa ku Portugal ndipo anagwira ntchito m'dziko muno kuyambira nthawi ya atsamunda mpaka zaka zambiri ufulu utabwera mu 1975, ankanena kale kuti nsonga za ekiselo, zokolekera zingwe za katundu ndi zitsulo zina zisatulukire kunja kwa mbali za galimoto, kupatula magalasi oonera kumbuyo ndi nyali zosonyeza kukhota. Lamulo lakale limenelo linalowedwa m'malo ndi Código da Estrada watsopano, wa Decreto-Lei nambala 1/2011 wa pa 23 Malichi 2011. Palinso Decreto nambala 14/2008, amene amanena za kulemera, kukula ndi kapakiridwe ka katundu pa magalimoto ndi ngolo zake. M'maiko a SADC, muyezo umene anagwirizana wa kufupika kwa lole yaikulu ndi mamita 2 ndi masentimita 60, kuchokera mbali ina kufika mbali inzake.

Koma chinthu chimene eni magalimoto ambiri sachilabadira chili m'thumba mwawo momwe. Tsegulani livrete ya galimoto yanu. Pamodzi ndi nambala ya injini, mtundu wa galimoto, kulemera kwake ndi chiwerengero cha anthu oyenera kukwera, mudzapezamo muyezo wa matayala. Manambala amenewo ndi omwe amalembedwanso m'mbali mwa tayala, monga 7.50 R16 pa malole ang'onoang'ono, kapena 315/80 R22.5 pa malole aakulu, pamene 315 akutanthauza mamilimita a kufupika kwa tayalalo. Livrete ndi chitupa cha galimoto, monga mmene bilhete ilili kwa munthu. Mukasintha maonekedwe a galimoto popanda chilolezo, galimotoyo siyikufanananso ndi chitupa chake, ndipo wapolisi ali ndi mphamvu yolanda livrete mpaka nkhaniyo itakonzedwa. Bungwe limene limaona za kulembetsa magalimoto ndi kuvomereza kusintha kotere ndi INATRO, limene linalowa m'malo mwa INATTER mu 2021. Akale ankalidziwa ndi dzina loti INAV.

Kuyambira m'chaka cha 2010, magalimoto ayeneranso kupita kukayezedwa nthawi ndi nthawi, kumene amaona mabuleki, nyali, chiwongolero, matayala ndi thupi la galimoto. Ndipo kuyambira pa Lei nambala 2/2003, galimoto iliyonse yoyenda pamsewu iyenera kukhala ndi seguro yolipirira munthu amene yamuvulaza kapena katundu amene yamuwonongera. Motero amene akunena kuti wapolisi wangopeka mlandu wa matayala akulakwitsa. Mlanduwo ulipo m'mabuku. Funso lenileni ndi lakuti lamuloli likuteteza chiyani, ndipo likugwiritsidwa ntchito bwanji.

CHIMENE TAYALA LOPANDA CHOPHIMBA LIMACHITA

Anthu ambiri amaganiza kuti guarda-lama ndi chokongoletsa, kapena kuti ntchito yake ndi kuteteza utoto wa galimoto. Ntchito yake yaikulu ndi kugwira zimene tayala likuponya. Galimoto ikamathamanga makilomita 60 pa ola, mbali ya pamwamba ya tayala imakhala ikuyenda makilomita 120 pa ola poyerekeza ndi nthaka, pakuti tayala likuzungulira kwinaku likupita patsogolo. Kamwala kamene kakanirira m'mizere ya tayala kakafwamphuka, kamachoka ngati kachokera pa legeni ya mnyamata wosaka mbalame. Pa malole a matayala aŵiriaŵiri kumbuyo, mwala waukulu ngati chibakera umatha kukanirira pakati pa matayalawo ndi kuponyedwa patali. Chophimba chikakhalapo, mwalawo umagunda chitsulo kapena mphira wolendewera kumbuyo ndi kugwa pansi. Chikachotsedwa, kapena tayala likatulukira kunja kwake, mwalawo umapeza diso la mwana, chipumi cha wokwera njinga, kapena galasi la galimoto yobwera m'mbuyo.

Matope nawo si nkhani ya kuda kwa zovala kokha. Woyendetsa njinga yamoto amene wathiridwa matope kumaso amakhala wakhungu kwa kamphindi, ndipo pa msewu wokhotakhota wa m'mapiri kamphindi kameneko n'kokwanira kumugwetsera m'phompho pamodzi ndi amene wamunyamula. Masiku ano odwala ambiri ndi amayi oyembekezera amapita kuchipatala pa njinga zamoto zomwezi.

Choopsa china ndi tayala lenilenilo. Thupi la galimoto ndi losalala, kotero likakhudza munthu nthawi zambiri limamukankhira kumbali. Tayala lozungulira silikankha, limakoka. Likagwira chitenje, chogwirira cha njinga, kapena thumba lomangidwa pa kaliyala, limakokera zonse pansi pake. Mabawuti a limu otulukira kunja amachita chimodzimodzi, ngati mano a macheka.

Palinso ngozi imene imagwera mwini galimoto yemwe. Amene anapanga galimoto anayeza malo a tayala kuti kulemera kwa katundu kuzigwera pakati pa mabering'i. Mukakankhira tayala kunja, kulemerako kumagwera kunsonga. Aliyense amene anasenzapo ndowa ya madzi akudziwa kusiyana kwa kuinyamula pafupi ndi thupi ndi kuinyamula mkono utatambasuka. Mabering'i amatentha ndi kutha msanga, mabawuti amatopa ndi kuthyoka limodzilimodzi, chiwongolero chimalemera ndipo chimagwedezeka pa bampu iliyonse. Mapeto ake tayala limachoka galimoto ili mkati moyenda. Tayala la lole yaikulu pamodzi ndi limu lake limalemera ngati matumba aŵiri a chimanga a makilogalamu 50, ndipo likachoka pa chitsikiro limathamanga lokha mpaka litapeza choliimitsa, kaya ndi mtengo, kaya ndi khoma la nyumba, kaya ndi anthu ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Ndalama imene mwini galimoto anaganiza kuti wapulumutsa pogula limu losayenera amadzaibweza kwa makaniko kangapo, ngati sanaibweze kubwalo la milandu.

MASAMU A MSEWU

Tiyeni tiwerenge limodzi, monga mmene timawerengera mizere m'munda. Tiyerekeze msewu wa mamita 6 m'lifupi, ndipo ambiri a misewu yathu ya m'midzi safika pamenepo. Malole aŵiri a muyezo wa lamulo akakumana, amatenga mamita 5 ndi masentimita 20. Pamatsala masentimita 80 okha, oti agawidwe pakati pa malolewo ndi m'mbali zonse ziŵiri. Tsono lole iliyonse ikatulutsa matayala kapena matabwa masentimita 10 mbali iliyonse, masentimita 40 apita. Patsala 40, pamene chogwirira cha njinga chokha chimapitirira theka la mita, osanena za njinga yonyamula matumba a makala kapena mabelo a fodya mopingasa.

Masentimita 10 ndi kufupika kwa chikhatho. Mwini galimoto akayang'ana amaona kuti n'kanthu kochepa kosayenera mkangano. Koma woyenda pansi alibe poti atenge masentimita amenewo, pakuti kumanzere kwake kuli ngalande kapena phompho, kumanja kuli tayala. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la OMS linanena m'lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1,19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, kuti oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, okwera njinga ndi okwera njinga zamoto, ndi kuti Africa ndi chigawo chimene imfa zotere zili zochuluka koposa poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, ngakhale kuti magalimoto ake ndi ochepa. Anthu amene lipotilo likunena ndi ife a kumidzi.

KUTSIDYA KWA MALIRE

Ife a m'malire timakhala m'maiko aŵiri. Msewu wa M1 wa ku Malawi, pakati pa Ntcheu ndi Dedza, umayenda pa malire penipeni, kotero pa misika ngati Lizulu ndi Tsangano Turn-off munthu amagula mbali ina ya msewu ali ku Moçambique ndi kuwoloka kukakwera basi ali ku Malawi. Ena amaganiza kuti akawoloka apeza lamulo lofewa. Si choncho. Ku Malawi kuli Road Traffic Act ya 1997, ndipo galimoto siyiloledwa pamsewu popanda chiphaso chosonyeza kuti ili bwino, chimene kumeneko amachitcha COF. Ku South Africa, kumene malole ambiri odutsa pa Tete ndi Zóbuè amachokera, malamulo a pamsewu a m'chaka cha 2000 amalamula kuti malole olemera kupitirira makilogalamu 7 500, ndi ngolo zolemera kupitirira makilogalamu 3 500, zikhale ndi mphira wotchinga kumbuyo kwa matayala.

N'chifukwa chake mukaima pa msewu wa N7 kapena wa N304 wochokera ku Mussacama kupita ku Calómuè, mudzaona kuti malole aakulu oyenda maulendo a maiko ambiri amakhala ndi zophimba zonse, pakuti amadutsa pa malire ndi pa masikelo ambiri ndipo eni ake amadziwa kuti kuchotsa chitsulo chimodzi kungawatayitse ulendo wonse. Galimoto yosinthidwa imapezeka kwambiri m'misewu ya m'kati, imene imatenga katundu kumunda kukafikitsa ku msewu waukulu. Ndiye kuti lamulo likulemekezedwa kumene msewu ndi waukulu ndipo woyenda pansi ali ndi pothawira, koma likuphwanyidwa kumene msewu ndi wopapatiza ndipo anthu oyenda pansi ndi ochuluka. Apa ndi pamene pali vuto lenileni.

PAMENE LAMULO LIKUTSIMPHINA

Tanena kuti dandaulo la eni magalimoto lili ndi mbali yoona. Mbali yoyamba ndi mtunda. Kuchokera ku Furancungo kupita ku mzinda wa Tete, kumene kuli maofesi a za magalimoto, ndi ulendo wa makilomita oposa 100, ndipo mwini lole amataya mafuta ndi masiku a ntchito kuti akafunse chilolezo cha muyezo wina wa tayala. Ambiri sadziwa n'komwe kuti chilolezo chotere chimapemphedwa. Lamulo linalembedwa m'Chipwitikizi cha maloya, ndipo silinafike m'makutu a anthu m'chilankhulo chimene amalankhula pakhomo.

Mbali yachiŵiri ndi kagwiritsidwe ntchito kake. Lamulo limene munthu amakumana nalo pa chipata cha apolisi pokha, ndipo limatha ndi kandalama kopinda kamene ena amakatcha refresco, silikonza galimoto iliyonse. Lole imalipira lero, mawa imadutsanso ndi matayala omwewo ndi kulipiranso. Wapolisi wotero wagulitsa chitetezo cha ana a m'mudzi mwake momwe, ndipo woyendetsa amene wapereka wagula ufulu wovulaza munthu. Si apolisi onse amene amatero, ndipo si oyendetsa onse amene amapereka. Koma aliyense adziwe kuti multa yoona imalembedwa pa pepala, imatchula lamulo limene laphwanyidwa, ndipo ikalipiridwa pamaperekedwa risiti. Wopempha ndalama popanda pepala angathe kunenezedwa kwa mkulu wa apolisi wa boma kapena ku Procuradoria, ndipo dziko lili ndi ofesi yolimbana ndi ziphuphu ya GCCC.

Mbali yachitatu ndi msewu weniweniwo. Boma silinganene kwa mwini Canter kuti abwezere matayala ang'onoang'ono pamene msewu wopita kumunda uli ndi mikwasa yofika m'maondo. Misewu ya manambala, monga R604 yochokera ku Ulónguè kudzera ku Dómuè mpaka ku Furancungo, ndi R605 yodutsa ku Tsangano, ili m'manja mwa ANE. Misewu ing'onoing'ono ya m'midzi ili m'manja mwa boma la distrito, kudzera mu ofesi ya mapulani ndi zomangamanga. Ngalande ikatsekeka, madzi amayenda pakati pa msewu, matope amachuluka, ndipo makaniko amalandira ntchito yochotsa maguarda-lama. Kukonza ngalande imodzi mvula isanagwe kumachotsa chifukwa cha eni magalimoto ambiri.

Komabe kuipa kwa msewu sikupereka ufulu wosamutsira ngozi pa mnzako. Msewu woipawo ndi womwewo umene wokwera njinga akuvutikamo, ndipo iye sanachotse chilichonse pa njinga yake chimene chingavulaze woyendetsa lole.

CHIMENE ALIYENSE ANGACHITE

Kwa eni magalimoto ndi oyendetsa, njira ilipo yosaphwanya lamulo. Yerekezani manambala a pa tayala ndi a mu livrete musanagule. Ngati mukufuna tayala logwira bwino m'matope, funani la mizere yakuya koma la muyezo womwewo, pakuti m'matope mizere ndiyo imagwira. Ngati ntchito yanu ikufunadi muyezo wina, pitani ku INATRO kuti kusinthako kuonedwe ndi kulembedwa. Ngati dothi likudzaza m'chophimba, makaniko wodziwa ntchito angathe kuchikweza kuti mpata ukule, m'malo mochitaya. Mphira wa kumbuyo ungadulidwe kuchokera ku tayala lakutha kapena lamba wakale wa chigayo, ndipo mtengo wake sufika ngakhale pa multa imodzi. Mukasintha tayala, imani mutayenda makilomita 50 kapena 100 ndi kumanganso mabawuti. Pogula tayala logwirapo kale ntchito, funani manambala anayi otsiriza m'mbali mwake pafupi ndi zilembo za DOT. Aŵiri oyamba ndi sabata, aŵiri otsiriza ndi chaka chimene linapangidwa, kotero 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lokalamba limang'ambika ngakhale mizere yake ikuoneka yabwino. Ndipo podutsa anthu, pa msika, pa sukulu ndi pa chigayo, chepetsani liwiro, pakuti tayala loyenda pang'onopang'ono siliponya mwala patali.

Kwa alimi amene amachita hayala lole yonyamula fodya kapena kachewere, inunso muli ndi mawu. Ndalama yanu ndiyo ikuyendetsa galimotoyo. Yendani mozungulira lole musanakweze matumba anu, ndipo musanakweze ana anu pamwamba pake. Mukaona bawuti losowa, limu lowotcherera kapena tayala lotulukira kunja, funsani. Safunsa anadya phula. Tayala likachoka panjira, zokolola za chaka chonse ndizo zimamwazika m'phompho. Magulu a alimi ndi makampani ogula mbewu angathe kugwirizana kuti hayala iperekedwe kwa magalimoto okhawo amene ali ndi mapepala oyezedwa ndi seguro.

Kwa oyenda pansi, kumbukirani kuti kuno ndi ku Malawi komwe magalimoto amayenda kumanzere, motero inu yendani kumanja kwa msewu kuti muziona galimoto ikubwera kutsogolo kwanu. Ana ayende mbali ya kuthengo, wamkulu mbali ya kumsewu. Mukavulazidwa ndi mwala kapena tayala, gwirani nambala ya galimoto, pitani kuchipatala, ndipo kanene kupolisi tsiku lomwelo kuti nkhani ilembedwe. Seguro ija inakhazikitsidwira inu. Musavomere kuti mlandu wa diso la mwana uthere pa nkhuku ndi mawu opepesa pansi pa mtengo.

Kwa mafumu, anyakwawa ndi alembi a m'midzi, amene boma linawazindikira udindo wawo kuyambira pa Decreto nambala 15/2000, nkhani imeneyi ndi yoyenera kupita nayo ku makhonsolo a uphungu a localidade, a posto ndi a distrito. Pemphani zinthu zitatu. Choyamba, kuti ngalande ndi mikwasa zikonzedwe mvula isanayambe. Chachiŵiri, kuti a INATRO ndi apolisi a pamsewu azibwera ku Furancungo ndi ku Tsangano msika wa fodya usanatsegulidwe, kudzaona magalimoto ndi kuphunzitsa eni ake, ndi kuwapatsa nthawi yokonzera asanayambe kulemba multa. Chachitatu, kuti lamuloli liwerengedwe m'Chinyanja pa wailesi ya m'dera ndi pa Rádio Moçambique ya ku Tete, kuti wina asadzanene kuti sanamve.

Mutu umodzi susenza denga. Mwini lole akufuna kuti katundu afike, mlimi akufuna kuti mbewu zake zigulidwe, ndipo mayi akufuna kuti mwana amene wapita kusukulu m'mawa abwere madzulo ndi maso onse aŵiri. Zofuna zitatuzi sizitsutsana. Mu 1993 tinalandira galimoto iliyonse popanda funso chifukwa tinali kutuluka m'nkhondo. Papita zaka zoposa 30, ndipo tsopano tili ndi ufulu wofunsa kuti galimoto yodutsa pakhomo pathu ikhale m'malire a thupi lake, monga mmene ife timalimira m'malire a minda yathu. Mlimi amene wadumpha malire ndi mzere umodzi amaitanidwa kubwalo la mfumu. Tayala lodumpha malire a galimoto liyenera kufunsidwa chimodzimodzi, mvula ya chaka chino isanagwe.